Batire la Bandi ya Chigafa

Tadala, tayamba watseka kompyuta yakoyo. Nanunso enanu ikani mafoni pansi, sathawa. Ndamva zomwe mwakhala mukunong'onezana pakhondepa kuyambira dzulo. Akuti kaseti ya agogo ili ndi phokoso kumapeto, akuti makina a masiku ano atha kulichotsa nyimbo nkutsala yoyera. Mwachita bwino kuisamutsira m'foni, chifukwa tepiyo yatha ndipo wailesi yake idafa kalekale. Koma musanatsuke chinthu, muziyamba mwafunsa ngati chomwe mukuchionacho ndi litsiro.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yolima fodya, yomwe imaodzera m'tchalitchi ulaliki ukatalika. Sindikukana. Koma zaka zoyambirira za matipate ndinali woimba ng'oma mu bandi. Masiku amenewo pakamwa pa anthu panali patangotseguka kumene, ndiye aliyense anali ndi choimba. Ena ankaimba zandale, ena zauzimu, ena rege, tsitsi atalilekerera poti panalibenso wolithamangitsa ndi sizasi. Ife tidasankha nyimbo zomwe panalibe munthu adazipempha.

Woyambitsa anali alamu anga a Gideoni, alongo awo a agogo anu aakaziwa. Ine pamudzi pano ndidabwera ngati mkamwini, ndipo a Gideoni ndiwo adandilozera pomanga nyumba ndi polima. Nazale ya fodya tinkafesa limodzi kudambo chaka chilichonse. Ine ndinkatipula ndi kuthirira, koma mbewu ankasunga ndi iwo. Inali mbewu yawoyawo, yosankha okha m'munda, ndipo pomwe ankaibisa sankauza munthu, ngakhale mlongo wawo. Ndikafunsa ankangoti mkamwini akadziwa zambiri amayamba kukula mtima.

Mkati mwa sabata ankagwira ntchito m'minda ya kafukufuku ku Chitedze, kuyeza chimanga pasikelo ndi kukhoma timatabwa ta manambala m'mizere. Mzungu wina wa kumeneko, pobwerera kwawo, adawasiyira katoni ya makaseti. A Gideoni ankayembekeza kupezamo zovinira. Adapezamo nyimbo zoti imodzi yokha yadzaza mbali yonse ya kaseti. Imayamba ngati ya m'tchalitchi, pakati nkukalipa, kenako nkukhala chete mpaka uganize kuti tepi yaduka, apo ndi iyo yabweranso ndi mayendedwe ena. Ankati dzina lake ndi pulogiresivu roko. Ife tinkangoti nyimbo za a Gideoni. Munthu wina akadajambulapo zina pamwamba, koma iwo adazimvetsera chaka chathunthu, kenako adabwera kudzandiuza kuti tiyambe bandi.

Tinali anayi. A Maliko, mphunzitsi wa pasukulu yathuyi komanso mwana wa mkulu wa mpingo, ankaimba kiyibodi, ndipo dzanja lawo lamanzere linkagwira ntchito ya besi poti wa besi tinalibe. A Sande, okonza njinga pa Namitete, ankaimba gitala. Mawaya ake awiri anali a buleki. Ine ndinali ndi ng'oma ziwiri za chikopa cha ng'ombe, ina yaikulu yopondera ndi pedulo ya njinga, ndi chivundikiro cha mgolo chomenya nyimbo ikafika pokwiya. A Gideoni ankapeka ndi kuimba. Tinkaphunzirira m'chigafa chawo, pansi pa mikangala yopachikapo fodya, ndiye anthu adangotitcha kuti Bandi ya Chigafa. Ankatinyoza nalo dzinalo, ife nkulitola.

Chimbale chathu a Gideoni adachikonza m'mutu tisanadziwe nkomwe kuti situdiyo imaoneka bwanji. Mbali ina ya kaseti ikhala ndi nyimbo zinayi zazifupi. Mbali inayo ikhala ndi nyimbo imodzi yokha, yotsata chaka cha mlimi wa fodya kuchokera ku nazale kukafika ku okushoni. Chigawo cha kuthirira chinali chofatsa, ndipo mkati mwake mumamveka kulemera kwa makheni awiri pochokera pachitsime. Cha kuwokera chinali chothamanga, poti mvula yoyamba siyembekeza munthu. Cha kusoka fodya chinkagunda kasanu ndi kawiri, osati kanayi ngati nyimbo za anthu. Ndidavutika nacho miyezi, mpaka a Gideoni adanditengera kwa mayi wina wosoka fodya mofulumira nkundiuza kuti ndiziyang'ana manja ake, ndisiye kuwerenga.

Tidaimbako kamodzi paukwati ku Nsaru. Anthu adaimirira bwinobwino kuti avine, koma mwendo ukati utere, ng'oma inali itapita kale kwina. Akuchikazi adakhala pansi, akuchimuna adapirira pang'ono poopa manyazi. Mayi wina wachikulire adafika pomwe ndidakhala nkundifunsa mwaulemu ngati ndadya. Sadatiitanenso, koma mpunga adatipatsa wambiri. Akulu a mpingo nawo adawaitana a Maliko kuti afotokoze. Adamvetsera nyimboyo mpaka pakati nkulephera kupeza pomwe pali tchimo, ndiye adangowalangiza kuti azifupikitsa.

Tsono mumve za batire, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Inu mumangoyala sola padenga dzuwa nkukugwirirani ntchito. Ife mphamvu yathu yonse inali m'batire limodzi la galimoto, lakuda, lakale. Kiyibodi, gitala ndi maikolofoni zinkalowa mu ampulifaya imodzi yomwe a Sande adapanga kuchokera ku wailesi ya galimoto, ndipo zonsezo zinkayamwa batirelo. Poti ng'oma sizifuna magetsi, anzangawo adaona kuti woyenera kusenza batire ndi ine. Lachisanu lililonse ndinkalimanga pakaliyala ndi malegeni, ulendo wa ku Namitete kukatchajitsa. Ndinkadikira pamenepo ndikudya chigumu cha nthochi, chija chokulunga m'masamba, osati makeke anu a m'mapepalawa oti ukaluma ukupeza mpweya. Asidi adandibowolera mathalauza onse. Agogo anuwa adatopa nkuika zigamba, mpaka adandipatula imodzi nkuitcha thalauza ya bandi.

Loweruka masana, tikaweruka kumunda, tinkakumana m'chigafa, ndipo ndondomeko yake sinkasintha. Tinkayamba ndi nyimbo zinayi zija kuti zala zimasuke, kenako yaitali ija. Chigawo chake chomaliza chinali cha ku okushoni. Amene adagulitsako fodya akudziwa mmene zimakhalira: mabelo apita, iwe watsala, ukungodikira. Ndiye ifenso tinkangozungulira pamalo amodzi, kubwereza ndi kubwereza, a Gideoni ali chete atatsinzina. Kenako batire linkayamba kutopa. Kiyibodi inkasasa mawu, gitala nkumalira ngati ngolo yosathira girizi, sipika nkumachita phokoso lomwe mukulimva m'foniyo. Pomwepo a Gideoni ankatsegula maso nkulowa ndi ndime yomaliza. Mawu awo ankadutsa m'sipika yomweyo, ndiye tinkangomva mayimbidwe ake, zomwe akunena ayi. Akamaliza, pasanapite mphindi batire linkazima, ife nkupita kukamwa thobwa. Zidayenda choncho zaka ziwiri ndipo palibe adaganizapo kanthu.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ine woimba ng'oma ndikuchitira umboni. Dzinja lina a Gideoni adayamba kutsokomola. Kuchipatala adapitako kangapo, mankhwala adamwa, chifuwa nkumachepa sabata imodzi nkubweranso. Ntchito ya ku Chitedze adaisiya poti njinga idawakanika. Lamba adamubowola kawiri. Zaka zimenezo anthu ambiri a msinkhu wathu ankapita motero, ndipo tonse tinkadziwa kuwerenga zizindikiro, kungoti sitinkawerenga mokweza. Titamaliza kudinda mabelo, iwo adati nthawi yojambula yakwana. A Maliko adakapeza situdiyo ku tauni. Mwini wake adati ali ndi Loweruka limodzi, kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, chifukwa masiku ena onse makwaya adatenga kale mpaka dzinja. Palibe adanena kuti a Gideoni dzinja salifika. Tidangovomera Lowerukalo.

Tidakwera matola m'mawa, kukuzizira, mwezi wa Juni. Masiku ano mumakwera minibasi nkumadandaula kuti mpando ndi wolimba. Ife tidakhala kumbuyo kwa pikapu pamwamba pa matumba a mtedza, ng'oma zili pamiyendo, a Gideoni titawafunditsa bulangete pakati pathu. Batire ndidalitenga. Musandifunse chifukwa chake. Dzulo lake linali Lachisanu, ndiye miyendo idangonditengera ku Namitete monga mwa masiku onse, ndipo m'mawa manja adangolinyamula.

Situdiyoyo inali chipinda cha kuseri kwa nyumba, makoma atamatidwa ndi mathireyi a mazira. Mwini wake anali bambo wachinyamata wovala kapusi, wodziwa ntchito yake. Ataona batire adaseka mpaka kugwira chitseko. Adati kuno kuli magetsi, katundu wa kumudziyo atsale panja asaononge kapeti. Ndidachita manyazi, nkulisiya pakhonde pafupi ndi nsapato zathu. Ampulifaya ya a Sande nayo idatsala pomwepo. Adatilumikiza ku makina ake, ndipo a Maliko atagunda kiyibodi tidayang'anana. Sitinkadziwa kuti kachipangizo kameneko kali ndi mawu okoma chonchi.

A Gideoni adati tiyambe ndi yaitali chifuwa chikadali ndi mphamvu. Masiku amenewo kunalibe zodula nkumata ngati zomwe umachita iwe Tadala. Nonse mumaimba pamodzi, tepi ikuzungulira, wina akalakwa mwalakwa nonse. Tidayamba. Nazale idayenda bwino, kuwokera kudayenda bwino, kusoka fodya sindidaphonye ngakhale kamodzi. A Gideoni adaimba ngati sadadwalepo. Tidafika ku okushoni nkuyamba kuzungulira. Tidazungulira, tidazungulira. Ndidayang'ana a Gideoni, ali chitsinzinire. Ndidayang'ana a Sande, akuyang'ana ine. Mikono idayamba kuwawa. Kuseri kwa galasi mwini situdiyo ankakweza manja ngati akuimitsa basi. Kenako tidamva kuti tepi yatha.

Mwini situdiyo adalowa nkufunsa a Gideoni chifukwa chomwe sadalowere ndi mawu.

"Ndimadikira," adatero a Gideoni.

"Mumadikira chiyani, bambo?"

A Gideoni adatembenukira kwa a Maliko. Ine masiku onsewo ndinkaganiza kuti iwo amawerenga mumtima. Iwo ankaganiza kuti a Maliko amasintha china chake pa kiyibodi nthawi ikakwana. A Maliko ndiwo adayamba kuzindikira. Adavula magalasi nkuloza kukhomo, komwe kunali nsapato.

Mwini situdiyo adati nkhani yaing'ono, iye akweza dzanja nthawi ikakwana, a Gideoni nkulowa. A Gideoni adayesa kung'ung'udza ndimeyo pamwamba pa kiyibodi yoyerayo, nkupukusa mutu. Adati ndimeyo adaipekera pamwamba pa kulira kuja, ndipo popanda iko sakudziwa poika phazi. Atanena zimenezo chifuwa chidawagwira. Adatsokomola nthawi yaitali atagwira khoma, nkupinda mpango wawo mwamsanga kuti tisaone. Atapuma adandiyang'ana nkunena motsitsa.

"Alamu, m'chifuwa muno mwatsala ulendo umodzi wokha. Wachiwiri mulibe."

Ndidachita mantha, ndinene zoona. Ndidatuluka, nkubwera nditanyamula batire. Mwini situdiyo adakana, adati phokoso la ampulifaya yathu limuonongera mbiri. A Maliko, poti ndi mphunzitsi, adayankhula naye pambali mpaka adalola, bola batirelo likhale m'beseni. Adaika maikolofoni yake patsogolo pa sipika yathu, ina patsogolo pa a Gideoni. Koma panali vuto lina. Batire linali lodzaza, ndipo kuti litope pamalo pake linkayenera kuyamba ladya nyimbo zinayi zija, monga kuchigafa. A Gideoni sakadatha kuimba zinayizo nkudzaimbanso yaitali.

Ndiye tidawatulutsa kukagona pabenchi pansi pa mtengo wa mango. Amayi a kwaya ya 3 koloko anali atayamba kale kufika ndi mayunifolomu awo, ndipo mmodzi adawathirira tiyi wa m'fulasiki. Ife atatu tidaimba nyimbo zinayizo popanda woimba, cholinga chongotopetsa batire. Mwini situdiyo adati poti tikuimba kale, tepi izizungulira. Mudandifunsa dzulo chifukwa chomwe mbali ina ilibe mawu, iwe Chikondi nkunena kuti ndi luso lapamwamba. Luso lake ndi limenelo, woimba anali panja akumwa tiyi.

Apa ndiye padalowa nzeru zanga, ndipo nzeru za woimba ng'oma muzizisamala. Ndidaganiza kuti poti lero maikolofoni ya a Gideoni ili pa magetsi a situdiyo, batire lichedwa kutopa, tidzazunguliranso mpaka tepi kutha. Ndiye ndidauza a Maliko kuti nyimbo yachinayi aitalikitse. Adandifunsa kuti motani, ine ndidati angopitiriza mpaka ndiwagwedezere mutu. Nchifukwa chake m'nyimbo imeneyo a Maliko amamveka ngati munthu wosochera m'dimba. Ndidawasiya asochere nthawi yaitali kuposa muyeso.

Tidawalowetsa a Gideoni. Ulendo uno adaimba atakhala pampando. Mawu anali atachepa, koma ankafika. Mukamvetsera bwino pa chigawo cha kuthirira mumva akupuma pakati pa mawu, ngati munthu amene wanyamuladi makheni. Tidadutsa kuwokera, tidadutsa kusoka. Titangoponda ku okushoni, tisanazungulire ngakhale kanayi, sipika idayamba kulira. Ndidadziwa pomwepo kuti ndalakwitsa. A Gideoni adatsegula maso nkulowa. Ndimeyo ili pakati, kiyibodi idazima, gitala idazima. Manja anganso adaima okha, sindidawauze. M'chipindamo mudatsala mawu a munthu mmodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri ndidamva zomwe ndimeyo imanena.

"Ndabwerako, alamu, fodya ndasiya komweko.
Mbewu ili m'botolo, kudenga la chigafa, mbali ya kumadzulo.
Chaka chino mukafese nokha."

Kaya mawu anali omwewo masiku onse kuchigafa, kaya adawasintha tsiku lomwelo, palibe akudziwa. A Maliko ankati anali omwewo. A Sande ankati ayi. Onse awiri adapita asanagwirizane.

Mwini situdiyo adatuluka kuseri kwa galasi nkunena kuti tibwereze pomalizapo pokha, alumikiza mwanjira ina. A Gideoni adadzuka pampando pang'onopang'ono.

"Yatha, achimwene. Itanani amayi aja, adikira mokwanira."

Pobwerera, pamatola, ndidapepesa kwa a Gideoni kuti ndine ndidapha batire nthawi isanakwane. Adandiyang'ana ali m'bulangete nkunena kuti ng'oma ndimaimba bwino, koma masamu ndiziwasiyira a Maliko. Za ndime ija sadanenepo kanthu, inenso sindidafunse. Tidatsika pa Namitete, a Sande adawakweza panjinga, ine ndikutsatira pambuyo ndi batire.

Makaseti adatuluka patapita miyezi iwiri, chithunzi chathu chili pachikuto, ine nditavala thalauza ya bandi. A Gideoni sadawaone. Adatisiya mu Ogasiti, mwezi wa mphepo. Chimbalecho sichidatchuke, musadzanamize anzanu. Ogulitsa makaseti ankati anthu akubweza, akuti tepi ndi yoonongeka kumapeto. Kuwailesi adati nyimbo imodzi singadye pulogalamu yonse. Ambiri mwa makasetiwo tidagawira achibale, ndipo ndikudziwa ena adajambulapo makwaya pamwamba. Bandi idathera pomwepo. Ng'oma zanga zidapita kusukulu, batire lidakagwira ntchito ya wailesi mpaka lidatupa.

Mudaona dzulo, mutaika nyimboyo m'foni, kuti agogo anu aakazi adakhala nanu mpaka pa kusoka fodya, kenako adanyamuka kuti akaone nkhuku. Nkhuku zinali bwinobwino. Zaka zonsezi, sipika ikangoyamba kulira iwo amatuluka. Ine ndimakhala, chifukwa phokoso limenelo ndimalidziwa kuposa mawu a ena mwa inu. Ndidalinyamula panjinga zaka ziwiri.

Ndiye Tadala, kwina konseko tsuka mmene ungathere. Chifuwa cha tepi, kulira kwa pedulo yanga, zonsezo chotsa. Koma kulira kwa batire ukusiye. Ukakuchotsa, malume awo a mayi ako adzangolowa pakati pa nyimbo ngati munthu wosaitanidwa, ndipo womvera sadzadziwa chomwe ankadikira.

Botolo lija ndidalipeza maliro atatha. Sindidafulumire kukaliyang'ana, ndinkaopa kuti mwina inali nyimbo chabe. Seputembala atafika, anzanga atayamba kutipula kudambo, ndidatenga makwerero nkukwera kudenga la chigafa, mbali ya kumadzulo. Linali pomwepo, litakulungidwa m'sokosi yakale, mbewu ili pafupifupi kudzaza. Ndidatsika nalo nkukawaonetsa agogo anuwa. Adaliyang'ana, nkulowa m'nyumba, nkutuluka atanyamula makheni awiri. Nazale ya chaka chimenecho ndidafesa ndekha, iwo akuthirira pambuyo panga.